KODI NDARAMA ZA MAKAMPANI ZINGATIMANGIRE DZIKO?

Bwana Mkonzi, ndikupemphani kadanga pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndikambe ndi anzanga za nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya akuruakuru okha. Ndikunena za makampani amene amabwera ndi ndarama zao kudzamanga njanji, madoko, miseu ndi nyumba za magetsi m'maiko osauka monga lathu lino. Pa wailesi timamva kawirikawiri kuti boma lasainirana pangano ndi kampani yakutiyakuti, ndipo anthu amaomba m'manja. Ine ndikuti tisafulumire kuomba m'manja, ndiponso tisafulumire kunyoza. Tiyambe tafunsa funso limodzi: nchitoyo ikapanda kubala phindu, adzalipira ndani? Pakuti mapangano amenewa amakhala a zaka 20 kapena 30, ndipo ambiri mwa amene akusaina lero adzakhala atapuma nchito pamene ife, amene tikulimbana ndi mayeso tsopano, tidzakhala tikukhoma msonkho.

Poyamba ndifotokoze mwambo wace, cifukwa kapena anzanga a Fomu 1 sanaumve. Njira yakale inali yakuti boma lisonkhanitse msonkho, kapena likongole ndarama kunja, nilimange lokha mlatho kapena damu, niliyendetsanso lokha. Kuyambira ca m'ma 1990 maiko ambiri anatsata njira ina. Kampani imabwera ndi ndarama za eni ace, nikongolanso zina ku mabanki, nimanga cinthuco. Tsono boma limailola kuciyendetsa kwa zaka zimene apangana, kuti idzibwezere ndarama zace pamodzi ndi phindu mwa kulipitsa anthu ocigwiritsa nchito. Zakazo zikatha, kawirikawiri cinthuco cimabwerera m'manja mwa boma. Kuno kwathu lamulo la mapangano otere linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi Public Private Partnership Commission, limene linalowa m'malo mwa bungwe lija linkagulitsa makampani a boma.

Banki Yaikuru ya pa Dziko Lonse, ya ku Washington, imawerenga caka ndi caka ndarama zimene makampani alonjeza kuika m'nchito zotere m'maiko osauka ndi m'maiko olemera pang'ono. Ciwerengeroco cimakwera ndi kutsika monga madzi a m'Shire. Cinakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1990, cinagwa pamene cuma ca maiko a ku Asia cinasokonekera mu 1997, cinakweranso kufika pamwamba ca m'ma 2012, ndipo mu 2020, caka ca mliri wa Covid, cinagwa kufika pa madola pafupifupi 46 biliyoni, ndilo theka la ndarama za mu 2019. Mu 2022 cinabwerera pa madola pafupifupi 92 biliyoni. Nzambiri ndithu ndarama zimenezo. Koma taonani kumene zinapita: magawo atatu mwa magawo anai a ndarama za 2022 zija anapita ku maiko asanu okha, ndiwo China, Brazil, India, Indonesia ndi Vietnam. Maiko ena onse, pamodzi ndi Africa yense wa kumwera kwa Sahara, anagawana gawo limodzi lotsalalo. Mu 2015 mabanki akuru a citukuko analalika kuti ndarama zocepa za cithandizo zidzakoka ndarama zankhaninkhani za makampani, kotero kuti maiko osauka adzamangidwa msanga. Zaka zapitapo tsopano, ndipo mvula ija inalonjezedwa yangowaza.

Cifukwa cace sicibisika. Mwini ndarama ali ngati msodzi, amaponya khoka pamene pali nsomba. Ndico cace lamya za m'manja zinafala msanga. TNM inayamba mu 1995, Celtel (imene lero timati Airtel) mu 1999, ndipo nsanja zao zafika ku midzi kumene waya wa lamya wa boma sunafikeko zaka zonse zija. Kampani ya lamya siopa kwambiri kutaya, pakuti munthu amayamba wagula mayunitsi asanalankhule. Koma ndani adzakumba mjigo pamudzi wa anthu osauka ndi ndarama zace kuti apindule? Ndani adzamanga kamlatho pa mtsinje wa kwanu kuti ana aziwoloka popita ku sukulu m'dzinja? M'ciwerengero ca Banki ija nchito za magetsi ndi za mayendedwe ndizo zimatenga gawo lalikuru caka ndi caka, ndipo masiku ano magetsi ace ambiri ndi a dzuwa ndi a mphepo. Madzi akumwa amatsalira m'mbuyo kutali.

Ena amayesa kuti zonsezi nzacilendo. Iai, dziko lathu linalawa kale mapangano otere, ndipo ndimadabwa kuti m'phunziro la mbiri timaloweza zaka za njanji osafunsa amene analipira.

Ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'Shire anayamba kuphwa, sitima za pamadzi zinkalephera kukwera mtsinje, ndipo katundu wa Azungu a minda ya khofi, fodya ndi thonje ankayenda pa mitu ya amtengatenga. Boma la Atsamunda linalibe ndarama zomangira njanji. Tsono linapangana ndi kampani ya Shire Highlands Railway, imene inamanga njanji yocokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kufika ku Blantyre, niitsegula mu 1908. Mphotho ya kampaniyo sinali ndarama za matikiti zokha ai. Boma linailonjezanso dziko loposa maekala 300,000, dziko la makolo athu, eni ace osafunsidwa. Pambuyo pace boma linaombola dzikolo ndi ndarama, ndipo ndaramazo sizinagwe kumwamba.

Njanji inatalikitsidwa kufika ku Chindio, pa gombe la Zambezi, ca m'ma 1915. Tsidya lina la mtsinjewo kampani ina, ya Trans-Zambezia Railway, inamanga njanji yolunjika ku doko la Beira, niitsiriza mu 1922. Apa ndipo pagona nkhani yanga. Njanji imeneyi inali m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, eni ace anali a ku Ulaya, koma boma la Nyasaland ndilo linalumbira kuti njanjiyo ikalephera kupeza ndarama zolipira ciongoladzanja ca ngongole zace, ilo lidzalipira. Ndipo inalepheradi, caka ndi caka, pakuti katundu anali wocepa. Pakati pa njanji ziwirizi panali mtsinje, ndipo katundu ankatsitsidwa, nakwezedwa m'ngalawa, natsitsidwanso tsidya linalo. Pofuna kuthetsa bvuto limeneli anamanga mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, umene unatsegulidwa mu 1935, caka comwe njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Mlathowo unali cozizwitsa pa nthawi yace, ndipo unapatsa nchito osula zitsulo a ku Britain m'zaka zija za umphawi wa dziko lonse. Koma ngongole yace inasanjikidwa pa msana womwewo.

Boma la ku London linathandiza kulipira pamene Nyasaland analephera, koma nalonso linaika dzanja pa thumba la dziko lino, kotero kuti ndarama zimene zikadamanga zipatala, miseu ndi masukulu zinkayamba zapita ku ngongole ya njanji. Mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri, ndipo mlimi wamba wa cimanga kapena mpunga sanathe kutumiza mbeu zace kunja mopindula. Wolemba mbiri Leroy Vail, m'nkhani yace ya mu 1975, ananena molimba mtima kuti njanji zimenezi zinasaukitsa dziko lino ndi kulisandutsa nkhokwe ya anchito a m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni. Akatswiri ena amati zifukwa za umphawiwo zinalipo zambiri, ndipo nzoona. Koma palibe amene angakane kuti okongoza ndarama a ku London anali ndi lumbiro la boma lowachinjiriza, pamene agogo athu okhoma msonkho wa nyumba analibe cowachinjiriza ciri conse.

Tsopano tilumphe zaka zambiri, tione njanji ina ya m'dziko lomwelino. Mu 1970 njanji yathu inalumikizidwa ndi doko la Nacala, kucokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde kufika pa Nayuchi, ndipo mu 1999 boma linapereka njanji za dziko lino kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Zaka zoyamba sizinasinthe zambiri. Cimene cinasintha zinthu ndi malasha. Ku Moatize, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, kuli malasha ambiri pansi pa nthaka, ena mwa iwo a mtundu umene amasungunulira citsulo, ndipo kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kuwakumba mu 2011. Njanji ya ku Beira sinakwanire kunyamula malasha onsewo. Ndiponso doko la Beira nlosaya, lofuna kukumbidwa mcenga kawirikawiri, pamene la Nacala nlakuya mwa cibadwa. Tatsegulani mapu anu, mudzaona kuti njira yacidule yocokera ku Moatize kupita ku Nacala imadula pakati pa Malawi. Cotero mu 2011 Vale inapangana ndi boma lathu, nimanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kucokera ku malire a ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kufika pa Nkaya m'boma la Balaka, nikonzanso yakale ija ya pa Nkaya kufika pa Nayuchi. Njira yonse, kucokera ku mgodi kufika ku nyanja ya mcere, ndi makilomita 912, ndipo pamodzi ndi doko latsopano la malasha inadya madola oposa 4 biliyoni. Mwambo wotsegulira unacitika mu 2017. Anzathu ocokera ku maboma amenewo anaionapo sitima ya malasha, yaitali kotero kuti ukayamba kuwerenga mabogi umasokonezeka usanafike kumcira.

Nanga cinacitika nciani? Malasha aja sanapindulitse Vale monga inayembekezera. Mtengo wace unagwa zaka zina, mgodi sunaturutse muyeso umene njanji inamangidwira, ndiwo matani 18 miliyoni pa caka, ndipo maiko ambiri anayamba kuipidwa ndi malasha cifukwa ca utsi wace umene ukutenthetsa dziko. Mu 2021 Vale inalengeza kuti ikusiya malonda a malasha, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi pamodzi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni okha. Wodziwa masamu afanizire yekha 270 miliyoni ndi 4 biliyoni. Kampani inataya koopsa. Koma njanji sanaizule ai. Iri pomwepo, milatho yace iri ciriri, ndipo fetereza, tirigu ndi mafuta a galimoto zimalowa m'dziko lino kucokera ku Nacala pa njanji yokonzedwa ija. Ndarama zomangira zinali za kampani ndi za mabanki amene anaikongoza, ndipo pamene malonda anabvuta, kalata ya ngongole sinatumizidwe kwa wokhoma msonkho wa ku Malawi.

Taziikani pamodzi njanji ziwirizi. Zonse zinamangidwa ndi alendo, zonse zinamangidwira makamaka katundu wa alendo, ndipo zonse sizinabale phindu limene eni ace anayembekeza. Ya 1922 inatisiyira goli m'khosi. Ya 2017 inatisiyira zitsulo pansi. Zinasiyana pa mau olembedwa pa pepala la pangano, mau onena amene adzasenza katundu malonda akagwa. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndibvomera. Koma kalumo komweko kamameta, kamacekanso, malinga ndi amene wagwira cigwiriro.

Musandiyese mlaliki wa Vale. Ku Moatize mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi ukumbidwe, ndipo ambiri anaikidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, pa nthaka yosabala bwino. Mu January 2012 anthu a kumeneko anatseka njanji podandaula. Zotere sizilembedwa m'ciwerengero ca mabiliyoni cija. Ndiponso kampani imakonza cigawo cokhaco cimene cimaipindulitsa. Njanji ya kumwera, yoyamba ija ya 1908, inaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, ndipo inagona comweco zaka zoposa 20 ngakhale njanji za dziko zinali m'manja mwa kampani. Potsiriza boma ndilo linayamba kuimanganso kucokera ku Marka. Cina cimene cimandidetsa nkhawa ndi ici: njanji ya Nacala imakonzedwa ndi ndarama za malasha. Tsiku limene malasha adzasowe msika, adzalipira ndani okonza njanji? Ngati ife sitidzakhala ndi katundu wathuwathu wokwanira kudzaza mabogi, shuga, tiyi, nandolo, soya ndi zopanga m'mafakitale, udzu udzamera pa zitsulozo monga unamera ku Chiromo.

Masiku ano mapangano ambiri a mtundu umenewu kuno kwathu ali pa magetsi, ndipo pamenepa mpofunika maso. Kwa zaka zambiri magetsi athu pafupifupi onse ankacokera mu mtsinje umodzi, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati 130 usiku umodzi. Tonse tikukumbukira kuwerenga ndi makandulo ndi matoci. Mwamwai, kumapeto kwa 2021 kampani ya JCM Power ya ku Canada ndi anzace anali atatsegula munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 ku Salima, ndipo mu 2022 anatsegula wina wa mamegawati 20 ku Golomoti, wokhala ndi mabatire osunga mphamvu. Sizinathetse mdima, koma zinaucepetsa masana, ndipo zinamangidwa msanga kuposa damu liri lonse. Amene anganyoze nchito imeneyi ndi wosayamika.

Komatu kampani yotere sigulitsa magetsi kwa inu ndi ine. Imagulitsa kwa ESCOM, pa mtengo umene anapangana kwa zaka 20. M'mapangano ambiri a mtundu umenewu m'Africa muno mtengowo umawerengedwa pa dola, cifukwa zipangizo zinagulidwa ndi madola ndipo ngongole ya ku banki nayonso nja madola. Pamene ife ogula timalipira makwaca. Tiyeni ticite masamu a Fomu 1. Mu November 2023 kwaca inagwetsedwa, ndipo dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Dzuwa ndi lomwelo, magetsi ndi omwewo, koma pangano lowerengedwa pa dola likadafuna K1,700 pamene dzulo lace linkafuna K1,180. Kusiyanako kumaturuka m'thumba la ogula magetsi, ndipo ogulawo akalephera kumaturuka m'thumba la boma. Palinso mau ena amene amalembedwa kawirikawiri, akuti wogula adzalipira magetsi onse amene kampani iri yokonzeka kupereka, kaya awatenga kaya sawatenga. Mu 2019 boma la Ghana linadandaula poyera kuti likulipira ndarama zambiri caka ndi caka pa magetsi amene dziko silikuwagwiritsa nchito, cifukwa pa nthawi ya mdima linasaina mapangano ambiri mothamanga. Ndipo kumbuyo kwa zonsezi mabanki amafuna kuti boma lilumbire kuti bungwe la magetsi likalephera kulipira, ilo lidzalipira. Kodi limeneli si lumbiro lija la Trans-Zambezia labvala malaya atsopano?

Ndiyenera kucita cilungamo kwa eni makampani. Iwo amati popanda malumbiro otere palibe banki imene ingakongoze ndarama zomangira m'dziko limene kwaca yace imagwa ndipo madola amasowa, ndipo mau aowa ali ndi nzeru. Cotero sindikunena kuti boma lisalumbire konse. Ndikunena kuti katundu agawidwe molingana ndi amene angathe kumusamala. Nchito ikacedwa kutha, mtengo womangira ukapitirira, makina akaonongeka, imeneyo ikhale nkhawa ya kampani, pakuti ndiyo inasankha amisiri ndi zipangizo. Boma likasintha malamulo pakati pa ulendo, kapena maofesi ace akaleka kulipira mabilu a magetsi ndi madzi, lilipire ndilo, pakuti colakwa ncace. Koma kulonjeza kampani phindu lace lonse, zibvute zitani, kumeneko nkukongola ndarama mobisa, ndiponso pa ciongoladzanja coposa cimene boma likadalipira likadakongola lokha. Lumbiro liri lonse lotere liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ngongole za dziko, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo alione lisanasainidwe.

Pa madzi ndi zipatala ndinena mwacidule, cifukwa zitsanzo zace zimalankhula zokha. Mu 2003 madzi a mzinda wa Dar es Salaam anaperekedwa kwa kampani ya City Water, yotsogozedwa ndi Biwater ya ku Britain. Mu 2005 boma la Tanzania linathetsa panganolo, ndipo mlandu wace unakazengedwa kunja kwa dziko mpaka 2008. Ku Lesotho cipatala ca Queen 'Mamohato ca ku Maseru cinatsegulidwa mu 2011 pa pangano la zaka 18 ndi gulu lotsogozedwa ndi Netcare ya ku South Africa. Cipatalaco cinali cokongola ndi cosamala bwino odwala, koma bungwe la Oxfam linalemba mu 2014 kuti cinkadya theka la ndarama zonse za unduna wa zaumoyo, pamene anthu ambiri a dzikolo amakhala ku mapiri kutali ndi Maseru. Ena anatsutsa ciwerengeroco, koma mu 2021 boma linathetsa panganolo lisanafike kumapeto. Cikomekome ca mkuyu.

Ndikudziwa kuti pakati pathu pali anzanga a mtima wapacala amene anganene kuti, "Nanga bwanji osawapitikitsa onse, boma limange lokha?" Anzanga, ndarama zace ziri kuti? Msonkho umene boma limasonkhanitsa umathera pa malipiro a anchito ace, mankhwala, fetereza ndi ciongoladzanja ca ngongole zakale, ndipo zotsala sizingamange damu lalikuru ngakhale limodzi. Ndiponso tinene zoona: si zonse zomangidwa ndi boma zimasamalidwa bwino, ndipo ali yense amene anaonapo mpopi wa pa sukulu ukudontha mwezi wathunthu adziwa cimene ndikunena. Kampani imene ndarama zace ziri pa ngozi siilola mpopi kudontha. Maganizo anga ndi akuti makampani atenge nchito zimene zingathe kudzilipira zokha, monga lamya, madoko, njanji za katundu ndi magetsi, kuti ndarama zocepa za boma zitsalire mijigo, miseu ya kumidzi, zipatala zazing'ono ndi makalasi, kumene khoka la msodzi uja silidzaponyedwako.

Pangano lalikuru koposa limene mbadwo wathu udzakhala nalo ndi la damu la Mpatamanga, pa Shire pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lokonzedwa kuti lidzapereke mamegawati pafupifupi 350. Mu 2022 boma linasankha makampani a EDF ya ku France ndi Scatec ya ku Norway kuti agwire nalo nchitoyi. Pambuyo pace gawo la Scatec linagulidwa ndi TotalEnergies, ndipo mu 2025 Banki Yaikuru ija inabvomereza cithandizo ca madola 350 miliyoni. Taonaninso pamenepa kuti mwini gawo akhoza kusintha damu lisanamangidwe, monga anasinthira pa njanji ya Nacala, koma pepala la pangano limatsala. Ine ndikufuna damulo limangidwe. Ndikufunanso kudziwa mtengo wa yuniti imodzi ya magetsi ace, ndarama imene mtengowo udzawerengedwere, amene adzataya caka cimene Shire adzaphwe kapena namondwe wina akadzabwera, ndi cipukutamisozi ca anthu amene minda yao idzamira.

Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo mayankhowo analembedwa kapena adzalembedwa m'mapepala amene ambiri a ife sitinawaonepo. Mapepalawo amalembedwa ndi maloya ndi owerengera ndarama, ndipo mbali ya kampani imabwera ndi akatswiri amene analemba mapangano otere m'maiko ambiri. Mbali yathu ikusowa anthu otere, ndipo adzacokera m'makalasi ngati athuwa, mwa anyamata ndi atsikana amene lero amadandaula ndi masamu a ciongoladzanja ndi Cingerezi ca ziganizo zazitali. Kuyambira mu 2020 dziko lino liri ndi lamulo logwira nchito lopatsa nzika ufulu wopempha nkhani zosungidwa m'maofesi a boma. Cotero ndikupempha a Hedimasitala ndi aphunzitsi athu a mbiri ndi a masamu kuti alole bungwe lathu la mtsutso lilembe kalata ku Public Private Partnership Commission, kupempha pangano la njanji ya Nacala la mu 2011, kapena cidule cace ngati zina nzacinsinsi ca malonda, kuti liikidwe m'laibulale yathu pambali pa mapu a Malawi, ndipo a Fomu 3 ndi a Fomu 4 aliwerenge ndime ndi ndime teremu ikudzayi.

Wophunzira wa Fomu 4